Momwe mungatsukire galimoto pakhomo osakala penti

Galimoto yanga yoyamba inali yakuda, ndipo ndinkaikonda kwambiri. M'mawa uliwonse ndisanalize injini ndinkatenga kansalu kouma n'kupukuta fumbi lomwe lagwera pa boneti ndi padenga. Mumtima ndinkati ndikuisamala. Patapita miyezi ingapo, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ndinaima pambali pake n'kuona boneti yonse itadzaza timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Sinagundidwepo, ndipo panalibe mwana amene anaikala ndi mwala. Kanaiwononga ndi kansalu kanga komwe kaja. Zinandiwawa zedi.

Zokalika zambiri pa galimoto sizichokera pamsewu, zimachokera m'manja mwa wotsuka. Penti wa magalimoto a masiku ano amapakidwa mosanjikiza, ndipo pamwamba penipeni pamakhala kachikuto koonekera ngati galasi, komwe amisiri amati clear coat. Kunyezimira konse kumene mumaona kuli m'kachikuto kameneka, koma kamangochindikala ma micron 40 mpaka 50, kupyapyala kwake kuposa pepala lolembapo. Tsono m'fumbi ndi m'matope mumakhala timchenga ta mwala wa quartz. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, yomwe imalekezera pa 10 pomwe pali dayamondi, mwala umenewu uli pa 7, pamene galasi wamba lili cha pa 5.5. Mchenga wotha kukala galasi, nanga penti angalimbe? Mukakanikiza nsalu pa fumbi ndiye kuti mwapanga sandipepa. Ntchito yonse yotsuka galimoto yagona pa kuchotsa dothi popanda kulikwekwesa pa pentipo.

Musanathire ngakhale dontho

Imikani galimoto pamthunzi ndipo mudikire chitsulo chizizire. Ikani dzanja pa boneti, ikakuotchani dikiranibe. Pa chitsulo chotentha madzi ndi sopo zimauma musanatsukuluze, n'kusiya madontho oyera ovuta kuchotsa. M'mawa kapena chakumadzulo ndiye nthawi yabwino. Koma mthunzi wake usakhale wa mtengo wogwetsa utomoni kapena wogonamo mbalame.

Mufunika ndowa ziwiri za malita 10 kapena kuposerapo, shampu wa galimoto, nsalu za microfibre zingapo, thaulo lalikulu loumitsira, ndi siponji kapena burashi ina yapadera ya matayala okha. Nsalu za microfibre zimapangidwa ndi ulusi wa polyester ndi polyamide wochepetsetsa kuposa tsitsi, ndipo ubwino wake ndi wakuti zimakokera mchenga m'kati mwa ubweya wake m'malo mouyendetsa pamwamba pa penti. Malaya akutha ayi, chonde. Ali ndi misoko youma, mwina ndi batani lomwe simunalione.

Pa nkhani ya sopo ndimalimbikira. Sopo wotsukira mbale anapangidwa kuti azisungunula mafuta, choncho amachotsanso wax yemwe amateteza penti. Sopo waufa wochapira zovala ndiye woipa kwambiri: ndi waukali, timibulu take tina sitisungunuka, ndipo mukazolowera kumugwiritsa ntchito mudzaona malabala a m'mphepete mwa magalasi ndi mapulasitiki akuda ayamba kutuwa. Shampu wa galimoto alibe ukali umenewu ndipo amaterera, kuti nsalu iziyandama pa penti. Thirani muyezo womwe walembedwa pabotolo, kuchulutsa sikuyeretsa.

Tulutsiranitu mamati, muwakunthe, muwatsuke n'kuwayanika, kuti aziuma inu mukugwira zina. Kenako tsekani mawindo onse ndipo muwayang'ane kawiri.

Yambani ndi matayala

Matayala ndi marimu ndiwo malo auve kwambiri, ndipo mukawasiya mpaka kumapeto matope ake amathothokera pa zitseko zomwe mwayeretsa kale. Fumbi lakuda la pa marimu limachokera ku mabuleki, ndipo muli tizitsulo tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake siponji ya matayala isadzakhudze penti ngakhale tsiku limodzi, ndipo madzi ake mukhuthule mukamaliza. Lowetsaninso madzi m'kati mwa mapiko, pamwamba pa tayala. Matope omata mmenemo amasunga chinyezi masiku ambiri, ndipo dzimbiri limakonda kuyambira pamenepo.

Madzi okha poyamba

Apa ndi pamene ambiri amadumpha. Musanakhudze penti ndi chilichonse, thirani madzi galimoto yonse kuyambira padenga kutsika pansi, mpaka fumbi ndi matope ofewa zitayoyoka zokha. Ngati muli ndi payipi, zili bwino. Ngati mulibe, kapu ndi ndowa zimagwira ntchito, kungoti muzithira mofatsa malo amodziamodzi. Matope ouma gwa anyowetseni, muwapatse mphindi zingapo kuti afewe, muthirenso. Musawakande ndi chikhadabo. Amene ali ndi makina opopera madzi mwamphamvu asayandikize kukamwa kwake pa galimoto kuposa masentimita 30, ndipo asalozetse pa malabala a zitseko kapena pamalo pomwe penti wayamba kusupuka.

Ndowa ziwiri zija

Ndowa yoyamba ikhale ya madzi a shampu, yachiwiri ya madzi oyera okha. Viikani nsalu mu ndowa ya thovu, tsukani kachigawo kamodzi, mwachitsanzo theka la denga, ndiyeno musanabwerere ku thovu itsukuluzeni mu ndowa ya madzi oyera n'kuifinya. Dothi limatsala mu ndowa yachiwiri, thovu lanu limakhalabe loyera. Mukamaliza galimoto yonse mudzasuzumire pansi pa ndowa yachiwiriyo. Mudzapeza mchenga utadikha, woti n'kuutola ndi zala. Tsiku loyamba nditauona ndinaima kaye, chifukwa kale lonse mchenga umenewo ndinkaubwezera pa boneti ndi dzanja langa. Pachifukwa chomwecho, musamafikitse nsalu pansi pa ndowa, ndipo madzi akada bii asintheni.

Tsukani kuchokera pamwamba: denga, magalasi, boneti ndi buti, theka la pamwamba la zitseko, kenako mabampa ndi m'munsi mwa zitseko pomwe pamakhala mchenga wambiri. Ine m'munsimo ndimagwiritsa ntchito nsalu yakeyake. Dzanja liziyenda mowongoka, kupita ndi kubwera motsata kutalika kwa galimoto, osati mozungulira. Timizere towongoka, ngati tingachitike, sitioneka kwambiri padzuwa ngati tozungulira tija. Musakanikize. Kulemera kwa nsalu yonyowa n'kokwanira, ndipo chimene chakana kuchoka chili ndi njira yake yomwe ndifotokoze pansipa. Mukatha chigawo chilichonse tsukuluzani pompo, thovu lisaume.

Nsalu ikagwa pansi, ntchito yake yathera pomwepo kwa tsikulo. Ngakhale ioneke yoyera, yatola mchenga. Tengani ina.

Kuumitsa

Musaisiye galimoto kuti iume yokha. M'madzi ambiri mumakhala calcium ndi magnesium, ndipo dontho likauma michere imeneyi imatsala ngati timphete toyera. Ikapsa ndi dzuwa kangapo imatha kudya clear coat mpaka kusiya chipsera. Yalani thaulo lofewa padenga, likokeni pang'onopang'ono kubwera kwa inu, lizimwa madzi lokha. Kenako tsegulani zitseko zonse, buti ndi kachitseko kothirira mafuta, mupukute m'mphepete ndi nsalu ina. Yang'anani kunsi kwa chitseko chilichonse: kuli timabowo totulutsira madzi amvula omwe amalowera pa galasi. Tikatsekeka ndi dothi, madzi amakhazikika m'kati ndipo chitseko chimayamba dzimbiri kuchokera mkatimo. Kamtengo kakang'ono n'kokwanira kutitsegula.

Zomwe sopo walephera

Zitosi za mbalame zili ndi asidi wotchedwa uric acid, ndipo pa penti wotentha zimatha kusiya chizindikiro m'masiku ochepa chabe. Ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zisanu kapena khumi, kenako muzinyamule osati kuzipaka, chifukwa nthawi zambiri mumakhala timchenga ndi njere. Tizilombo tofera pa bampa timachokanso chimodzimodzi. Utomoni ndi timadontho ta phula la pamsewu zimafuna mankhwala ake apadera ochotsera phula. Pakani pang'ono, dikirani zisungunuke, pukutani mofewa, ndipo mutsukenso malowo ndi shampu. Thina (thinner) komanso mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo musaziyandikize n'komwe, zimasungunula penti.

Pali kanjira kabwino kodziwira ngati penti wayeradi. Valani kajumbo kopyapyala kudzanja n'kusisita pa boneti youma. Mukamva kukhakhala ngati pali timchenga, ndiye kuti tizitsulo ndi zina zinamatirira. Zimenezi zimachoka ndi clay bar, kanthu kofewa ngati dongo komwe mumakayendetsa pa penti wonyowetsedwa bwino ndi madzi a shampu. Kawiri pachaka n'kokwanira. Mukatha, dzanja limatsetsereka pamalo posalala see.

Polishi ndi wax si chinthu chimodzi

Anthu ambiri amazisokoneza. Polishi amapala. Amachotsa kagawo kochepetsetsa ka clear coat kuti timizere tifafanizike ndipo penti wothimbirira awalenso. Popeza kachikutoko n'kopyapyala kale, polishi si wa sabata iliyonse. Kamodzi pachaka, kapena pokhapokha pakafunikadi. Wax yekha sapala kanthu, amangoyala chophimba pamwamba kuti dzuwa, mvula ndi zitosi zizikumana ndi iyeyo zisanafike pa penti. Wax wotchuka kwambiri ndi wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wa mtundu wa kanjedza womwe umamera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Sasungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 80 a Celsius, n'chifukwa chake amapirira pa boneti yoima padzuwa. Palinso ena opangidwa m'mafakitale omwe amakhalitsa kuposa pamenepo.

Pakani pamthunzi, pa galimoto youma ndi yozizira. Tengani pang'ono pa kasiponji kofewa, pakani mopyapyala chigawo chimodzi, dikirani mpaka achite mbuu. Pititsanipo chala: pakatsala mzere woyera wowala, wakonzeka, koma akapakika, dikiranibe. Pukutani ndi microfibre youma, mukuitembenuza pafupipafupi. Kupaka mochindikala sikuwonjezera kuwala, kumangolemetsa dzanja popukuta. Pewani mapulasitiki akuda chifukwa amatsala ndi zoyera zovuta kuchoka. Wax wa carnauba amafuna kubwereza pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Madzi ndiwo adzakuuzani: akamaima timibulu n'kumagubuduka, chophimba chidakalipo, koma akamangofalikira pa boneti, chatha.

Magalasi ndi nyali

Magalasi apukuteni ndi nsalu ziwiri, yonyowa ndi youma. Madzi osakaniza ndi viniga woyera theka ndi theka amachotsa bwino madontho a madzi, bola asadonthere pa penti yemwe mwangomupaka wax. Ngati mawindo anamatidwa pepala lodetsa, musagwiritse ntchito mankhwala okhala ndi ammonia, amaliwononga. Kunja pukutani chotsika, m'kati chopingasa, kuti mzere ukatsala mudziwe mbali yomwe uli. Galasi lakumbuyo m'kati mwake muli timawaya totenthetsa, choncho nsalu iziyenda motsata timawayato mosakanikiza. Tsitsani mawindo pang'ono kuti mupukute nsonga yake yapamwamba, ndipo mutukule mawayipa mupukute labala wake. Mudzadabwa ndi kuda kwa nsaluyo.

Nyali zakutsogolo za magalimoto ambiri si zagalasi, ndi za pulasitiki yotchedwa polycarbonate, ndipo dzuwa limazisandutsa zachikasu. Polishi amazibwezeretsa, koma mukapanda kupakapo choteteza ku dzuwa pambuyo pake, chikasucho chimabweranso.

M'katimo

Chotsani zinyalala, yendetsani mipando kutsogolo ndi kumbuyo, muyamwe fumbi ndi makina kapena musese ndi burashi yofewa. Dashibodi ipukuteni ndi nsalu yofinya bwino. Pa mipando yansalu madzi achepe, chifukwa siponji ya m'kati ikamwa imachedwa kuuma ndipo fungo la nkhungu likalowa silituluka msanga. Fungo likakhalapo kale, wazani soda wophikira pa kapeti youma, agone usiku, m'mawa mumuchotse. Mamati abwerere atauma gwa, ndipo la dalaivala mulikole bwino pa timakoko take kuti lisatsetserekere pansi pa mapedulo.

Chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: mankhwala onyezimiritsa asafike pa chiwongolero, pa mapedulo kapena pa mbali ya tayala yoponda msewu. Amaterera, ndipo phazi kutsetsereka pa buleki si nkhani yaing'ono. Komanso mukangotsuka, mabuleki amakhala onyowa. Poyamba ulendo yendani pang'onopang'ono n'kupondako buleki kangapo kuti aume. Kadzimbiri kofiirira komwe mungaone pa madisiki a mabuleki kasakudetseni nkhawa, kamachoka komweko.

Nsalu zanu zichapeni pazokha, za matayala padera, popanda mankhwala ofewetsera zovala chifukwa amamata ulusi wake n'kuletsa kumwa madzi. Ziume pamalo opanda fumbi, ndipo muzisunge m'jumbo yotseka. Kutsuka kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri n'kokwanira. Pakati apo, fumbi likagwera pa boneti lisiyeni, kapena mulithire madzi. Ine m'buti mumakhala botolo la madzi ndi kansalu kamodzi koyera, ndipo ntchito yake ndi ya zitosi za mbalame basi.