Momwe mungaphatikizire kalata, CV ndi masatifiketi kukhala fayilo imodzi ya PDF

Zotsatsa ntchito zambiri masiku ano zimathera pa mawu akuti tumizani zikalata zanu zonse mu fayilo imodzi ya PDF. Mawebusayiti ofunsirapo malo kuyunivesite kapena thandizo la maphunziro nawo amapereka kabokosi kamodzi basi, ndipo nthawi zambiri pamakhala malire akuti fayiloyo isapose 2 MB kapena 5 MB. Tsono munthu amapezeka ali ndi kalata yofunsira ntchito mu Word, CV imene ili kale mu PDF, satifiketi ya MSCE imene anaijambula pa foni, ndi chiphaso cha unzika chimene chili ndi mbali ziwiri. Kuphatikiza kwenikweniko kumatenga mphindi ziwiri. Pamene anthu amagwa m'pakukonzekera: masamba asokonekera, lina lazondoka, chidindo sichikuwerengeka, kapena fayilo yatupa mpaka 30 MB ndipo yakana kupita.

PDF inapangidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993, ndipo ubwino wake ndi wakuti tsamba limaoneka chimodzimodzi pa foni, pa kompyuta ndi pa pepala. Fayilo ya Word siitero. Mukaitsegula pa makina ena amene alibe mtundu wa zilembo umene munagwiritsa ntchito, mizere imasuntha ndipo CV ya masamba awiri imatha kugwera pa tsamba lachitatu.

Yambani ndi foda imodzi ndi manambala

Pangani foda yatsopano, mukoperemo zonse zimene mukufuna kutumiza. Mukopere, musasamutse, kuti zoyambirirazo zikhalebe bwinobwino pamalo pake. Kenako sinthani mayina a mafayilo motsatira ndondomeko imene otsatsa ntchito alemba. Ngati sanalembe, yozolowereka ndi iyi:

01_kalata
02_CV
03_digiri
04_MSCE
05_chiphaso
06_makalata_aumboni

Ziro wa kumayambiriro musamusiye. Mapulogalamu ena amasanja mayina chilembo ndi chilembo, choncho 10 amabwera pakati pa 1 ndi 2. Mukalemba 01, 02 mpaka 10, ndondomeko siisokonekera paliponse.

Sandutsani chilichonse chikhale PDF pachokha

Mu Word dinani File, kenako Save As, ndipo pamene pali mtundu wa fayilo sankhani PDF. Mu LibreOffice, pulogalamu ina yolembera yofanana ndi Word, pali Export as PDF pansi pa File. Musanatero, taonani kukula kwa pepala pa Layout, Size. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America la 216 x 279 mm, pamene lathu ndi A4, la 210 x 297 mm. Mukasakaniza awiriwa, masamba ena amaoneka afupi ndipo posindikiza m'mphepete mumaduka. Sinthani kukhala A4, muonenso ngati siginecha sinagwere pa tsamba lake lokha.

Masatifiketi ndi amene amafuna chidwi

Apa m'pamene kukula kwa fayilo kumachokera. Kalata yotayipa ya tsamba limodzi kawirikawiri siifika ndi 200 KB yomwe. Koma chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimatha kukhala 3 MB kapena 5 MB, ndiye zithunzi zisanu ndi chimodzi zokha zadutsa kale malire.

Chifukwa chake chili mu dpi, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi. Tsamba la A4 losikanidwa pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 x 3508, pafupifupi 8.7 miliyoni. Pa 150 dpi limakhala ndi 1240 x 1754, pafupifupi 2.2 miliyoni. Mukachepetsa dpi ndi theka, timadontho timachepa kanayi, osati kawiri. Komanso kadontho kamodzi ka mitundu kamadya malo katatu kuposa ka Grayscale, kutanthauza sikani ya zakuda, zoyera ndi zotuwa zokha. N'chifukwa chake sikana yotcheredwa pa 600 dpi, ya mitundu, imatulutsa chimfayilo chosanyamulika ngakhale pepalalo lili ndi mizere khumi yokha.

Pa zikalata zowerengera pa kompyuta, 150 mpaka 200 dpi imakwana. Transikiripiti ya tizilembo ting'onoting'ono ipatseni 200. Mukatsika pansi pa 100, manambala monga 3 ndi 8 amayamba kufanana, ndipo pa satifiketi zimenezo n'zoopsa. Makalata wamba asikaneni mu Grayscale. Koma pepala lililonse lokhala ndi chidindo cha inki, monga kope imene yatsimikizidwa ndi loya kapena majisitireti, lisikaneni ndi mitundu yake kuti chidindocho ndi siginecha zioneke kuti n'zenizeni. Black and White weniweni, uja wopanda zotuwa, amafufuta zidindo zofooka mpaka kutheratu.

Ngati mulibe sikana, foni imagwira ntchitoyi, bola musagwiritse kamera wamba. Pa Android tsegulani Google Drive, dinani chizindikiro cha +, sankhani Scan. Pa iPhone tsegulani Files, dinani timadontho titatu, sankhani Scan Documents. Zonsezi zimapeza zokha ngodya za pepala, n'kuliwongola, n'kukulolani kuwonjezera masamba angapo musanasunge ngati PDF. Yalani pepala pa tebulo loderako kuti ngodya zizioneka, pafupi ndi windo masana, ndipo zimitsani fulashi ya kamera. Satifiketi yokutidwa ndi pulasitiki imanyezimira ngati galasi, ndipo kuwalako kumakonda kugwera pa dzina penipeni. Ipendeketseni pang'ono kapena sunthani inuyo mpaka kunyezimirako kuchoke. Samalaninso ndi mapulogalamu ena aulere osikanira amene amadinda dzina lawo pansi pa tsamba lililonse.

Chiphaso cha unzika chisadye masamba awiri. Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo, mulowetse zithunzi ziwirizo pa tsamba limodzi la Word, china pamwamba china pansi, n'kusunga ngati PDF.

Kachenjezo kena: ngati wachibale akukutumizirani satifiketi kuchokera kumudzi pa WhatsApp, muuzeni aitumize ngati Document. Ikabwera ngati chithunzi wamba, WhatsApp imaifinya ndipo tizilembo timasungunuka.

Ngati zithunzi zili kale pa kompyuta ya Windows

Windows 10 ndi 11 ili ndi chosindikizira chotchedwa Microsoft Print to PDF, chimene sichitulutsa pepala koma fayilo. Sankhani zithunzi zonse mu foda, dinani batani la kumanja la mausi pa chithunzi choyamba, sankhani Print. Pa Windows 11 muyambe mwadina Show more options. Pa Printer sankhani Microsoft Print to PDF, pa Paper size sankhani A4, ndipo chotsani kachizindikiro pa Fit picture to frame. Mukakasiya, Windows imakulitsa chithunzi kuti chidzaze tsamba n'kudula m'mphepete, kumene nthawi zambiri kumakhala nambala ya satifiketi. Njirayi imaphatikiza zithunzi zokha. Mafayilo amene ali kale PDF amafuna pulogalamu ina.

Kuphatikiza pa kompyuta popanda intaneti

Iyi ndiyo njira yabwino kuposa zonse, chifukwa siidya bandulo ndipo zikalata zanu sizichoka pa makina anu. PDFsam Basic ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mumaitsitsa kamodzi basi. Poika, werengani bwino kuti musavomere mtundu wolipira umene amakonda kuutsatsa pambali.

1. Tsegulani PDFsam Basic, dinani Merge.
2. Kokerani mafayilo onse a mu foda ija pa mndandanda, kapena dinani Add.
3. Onani ndondomeko. Ngati ina yalakwika malo, isuntheni m'mwamba kapena m'munsi.
4. Ngati mukufuna masamba ena okha a fayilo, alembeni pa Page ranges, mwachitsanzo 1-2 kapena 1,3.
5. Pansi, pamene pali fayilo yotuluka, sankhani foda ndi dzina latsopano. Musalembe dzina la fayilo imene ili kale pa mndandanda.
6. Dinani Run.

Tsamba likakhala lozondoka, likonzeni ndi Rotate mu pulogalamu yomweyo musanaphatikize. Kutembenuza tsamba pamene mukuliwerenga kumangosintha maonekedwe a nthawi yomweyo. Mukapanda kusunga, wolandira adzaliona lili chozondoka.

Pa Windows palinso PDF24 Creator, yaulere, imene imaphatikiza komanso kuchepetsa kukula. Pa Mac simufuna kutsitsa kalikonse: sankhani mafayilo mu Finder, dinani kumanja, Quick Actions, Create PDF. Kapena tsegulani fayilo yoyamba mu Preview, yatsani View, Thumbnails, n'kukokera ena pamzere wa timasamba wa kumanzere. A Linux alembe lamulo limodzi lokha mu Terminal: pdfunite 01_kalata.pdf 02_CV.pdf 03_digiri.pdf zonse.pdf. Dzina lomalizalo ndi la fayilo yotuluka, ndiye mukaliiwala mukhoza kuwononga fayilo yanu yomaliza pa mndandanda.

Pa foni

Pa iPhone ikani zonse mu foda imodzi ya Files, dinani Select, muzisankhe, dinani timadontho titatu pansi, kenako Create PDF. Pa Android ambiri amadalira mawebusayiti monga iLovePDF, Smallpdf kapena Adobe Acrobat ya pa intaneti. Mumasankha Merge PDF, mumakweza mafayilo, mumawasanja powakoka ndi chala, mumadina Merge, n'kutsitsa zotsatira.

Dziwani zinthu ziwiri. Bandulo imadyeka kawiri, pokweza ndi potsitsa, kotero mafayilo a 20 MB amadya pafupifupi 40 MB, ndipo netiweki ikaduka pakati mumayambiranso. Chachiwiri, mukutumiza chiphaso chanu, tsiku lobadwa ndi siginecha ku makompyuta a anthu ena kunja kwa dziko. Pa CV yokha palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Pa pasipoti, sitetimenti ya kubanki kapena zikalata zachipatala, ndi bwino kupeza kompyuta n'kuchita popanda intaneti. Mukachitira pa kefe ya intaneti, fufutani zonse mu Downloads ndi pa Desktop, kenako mukhuthulenso Recycle Bin musananyamuke.

Fayilo ikakula kuposa malire

Dinani kumanja pa fayilo, Properties, muone kukula kwake. Ngati malire ndi 2 MB, yesetsani kukhala pa 1.8 MB, chifukwa makina ena amawerenga 1 MB ngati 1000 KB pamene ena amati 1024 KB, ndipo fayilo yokhala pamzere penipeni imatha kukanidwa. Gmail imalola mpaka 25 MB, ndipo ikaposa pamenepo imasandutsa fayilo kukhala linki ya Google Drive, imene olemba ntchito ena satsegula n'komwe. Ndiponso imelo ya wolandira ikhoza kukhala ndi malire otsikirapo kuposa anu.

Musathamangire kufinya fayilo yonse. Bwererani ku foda ija muone kuti yaikulu ndi iti. Kawirikawiri imakhala imodzi kapena ziwiri zimene zinasikanidwa pa dpi yokwera. Zimenezo zokha zisikaneninso kapena zichepetseni ndi Compress ya mu PDF24 Creator kapena ya pa mawebusayiti aja, n'kuphatikizanso. Ngati mwafinya fayilo yonse, yambani ndi mlingo wapakatikati, ndipo musafinye kawiri fayilo imodzimodziyo, chifukwa ulendo uliwonse zithunzi zimataya timadontho tosabwereranso. Kuika PDF mu ZIP, mtundu wa foda yofinyidwa, sikuthandiza kwenikweni: zithunzi za mkatimo zimakhala zofinyidwa kale, ndipo mawebusayiti ambiri salandira ZIP.

Zimene zimakana kuphatikizika

Fayilo yokhala ndi pasiwedi, monga masitetimenti ena a kubanki, pulogalamu imaikana kapena imafunsa pasiwediyo. Ngati ndi yanu, itseguleni ndi pasiwedi yake, muisindikize kudzera pa Microsoft Print to PDF, ndipo kope yatsopanoyo idzaphatikizika bwino.

Mafomu odzaza pa kompyuta ali ndi msampha wawo. Timabokosi take tili ndi mayina obisika, ndipo mukaphatikiza mafomu awiri ofanana, timabokosi ta dzina limodzi timatha kutengerana zolembedwa kapena kuoneka topanda kanthu. Mankhwala ake ndi omwewo: sindikizani fomu iliyonse yodzaza kukhala PDF yatsopano, zolembazo zimamatirire pa tsamba, kenako phatikizani. Njira imeneyi imatha kupha malinki, choncho musaigwiritse pa CV imene ili ndi linki ya LinkedIn.

Chikalata chokhala ndi siginecha ya digito, monga matransikiripiti amene mayunivesite ena akunja amatumiza, musachiphatikize. Siginecha yotere imatsimikizira kuti fayilo sinasinthidwe ngakhale pang'ono, ndiye mukaisakaniza ndi zina chitsimikizocho chimatha mphamvu. Chitumizeni pachokha ndipo fotokozani chifukwa chake mu imelo.

Musanatumize

Tsegulani fayilo yomalizayo muwerenge masamba. Ngati munali ndi kalata ya tsamba 1, CV ya masamba 3, masatifiketi 2 ndi chiphaso 1, payenera kukhala masamba 7. Akakhala 8, pali tsamba lopanda kanthu limene Word inawonjezera kumapeto kwa kalata. Kulitsani tsamba lililonse la satifiketi kufika pa 150% muone ngati dzina, chaka, magiredi ndi chidindo zikuwerengeka. Itumizeni pa foni yanu muitsegulenso kumeneko, poti wolandirayo akhoza kuionera pa foni.

Dzina la fayilo likhale dzina lanu ndi ntchito imene mukufunsira, monga Dzina_Lamakolo_Accounts_Assistant.pdf, lopanda zizindikiro ngati #, & kapena %, zimene mawebusayiti ena amazikana. Foda ya manambala ija isungeni pa fulashi kapena pa Google Drive. Ntchito ina ikatuluka mudzangosintha 01_kalata, n'kudina Run.