Momwe mungasankhire chakudya chouma choyenera mwana wa mphaka

Mwana wa mphaka amabadwa akulemera magalamu pafupifupi 100, ngati tomato mmodzi wapakatikati, koma akamakwanitsa miyezi 6 amakhala atadutsa makilogalamu awiri, ndipo minofu, mafupa ndi mano amene wapeza m'miyeziyi zimachokera m'zimene wakhala akudya. Anthu ambiri m'matauni akugulira amphaka awo chakudya chouma cha m'mapaketi, timibulu tija tolira gobedegobede tikamathiridwa m'mbale, chifukwa sichifuna firiji ndiponso sichivuta kupereka. Chovuta n'chakuti kutsogolo kwa mapaketiwa kumafanana, ponseponse pali chithunzi cha kamphaka konenepa bwino, pomwe zam'kati zimasiyana kwambiri. Zimene muyenera kudziwa zimalembedwa kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi, ndipo m'pamene muyenera kuyambira.

Choyamba, tsimikizirani kuti chakudyacho chinapangidwira mphaka amene akukula. Papaketi payenera kulembedwa mawu akuti "kitten", "growth" kapena "all life stages", ndipo ngati palembedwa "adult" pokha, dziwani kuti n'cha mphaka wamkulu amene anasiya kale kukula. Funaninso mawu akuti "complete", amene amasonyeza kuti chakudyacho chili ndi zonse zofunika m'thupi moti mphaka angakhalire chokhacho. Cholembedwa "complementary" n'chongowonjezera, ndipo mwana wa mphaka wodalira chimenechi tsiku ndi tsiku amaperewera zina m'thupi ngakhale mimba itakhuta.

Pano ndi bwino kunenapo za chakudya cha agalu, chifukwa n'chotsika mtengo, chimapezeka m'matumba akuluakulu, ndipo pakhomo pamene pali galu ndi mphaka anthu amaona ngati palibe chifukwa chogulira mitundu iwiri. Mphaka si galu wamng'ono. Thupi lake linapangidwa kuti lizidalira nyama, moti silitha kupanga vitamini A kuchokera ku zomera monga amachitira galu ndi munthu, ndipo silipanga mokwanira chinthu china chotchedwa taurine, chimene chimapezeka m'minofu ya nyama ndi nsomba. Mphaka wosowa taurine kwa miyezi ingapo amayamba kuwonongeka mkati mwa maso mpaka kuchita khungu, ndipo mtima wake umakula n'kufooka. Mu 1987, dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake a ku University of California ku Davis anasonyeza kuti amphaka ambiri amene ankadwala matenda a mtimawa ankasowa taurine m'zakudya za m'sitolo zimene ankapatsidwa, ndipo atawonjezeredwa taurine mitima yawo inayambanso kugwira ntchito bwino. Kuchokera nthawi imeneyo makampani anayamba kuthira taurine wokwanira m'chakudya cha amphaka, koma palibe chowakakamiza kutero m'chakudya cha agalu.

Chachiwiri, werengani manambala. Kumbuyo kwa paketi kumakhala kabokosi kosonyeza kuchuluka kwa mapuloteni, mafuta, chinyezi ndi zina pa 100 iliyonse. Bungwe la ku America la AAFCO, limene muyezo wake makampani a m'mayiko ambiri amatsatira, limati chakudya cha mphaka amene akukula chikhale ndi mapuloteni osachepera 30 peresenti, pomwe cha mphaka wamkulu chimaloledwa kukhala ndi 26 peresenti. Mafuta asachepere 9 peresenti, kashiamu asachepere 1 peresenti, fosifolasi asachepere 0.8 peresenti (ziwirizi ndi michere yomanga mafupa), ndipo taurine m'chakudya chouma asachepere 0.1 peresenti. Ku Ulaya bungwe lofanana nalo ndi FEDIAF, choncho paketi yotchula limodzi mwa mayina awiriwa imasonyeza kuti opanga anali ndi muyezo umene ankautsatira.

Manambala a AAFCO amawerengedwa madzi atachotsedwamo, pomwe apapaketi amaphatikiza madzi omwe, motero pamafunika kasamu kakang'ono. Chakudya chouma chimakhala ndi chinyezi cha 10 peresenti kapena kuzungulira pamenepo, kutanthauza kuti pa magalamu 100 alionse, 90 okha ndiwo chakudya chenicheni. Ngati papaketi palembedwa mapuloteni 30 peresenti, gawani 30 ndi 90 kenaka muchulukitse ndi 100, ndipo mupeza 33, nambala imene ili pamwamba pa muyezo. Ngati palembedwa 26, kasamu komweko kakupatsani 29, ndipo paketi imeneyo muibwezere pashelefu. Kumbukirani kuti 30 ndi malire apansi chabe. Zakudya zabwino za ana a mphaka kawirikawiri zimapitirira pamenepo, ndipo mafuta ake amakhalanso ochuluka ndithu kuposa 9 peresenti, chifukwa kamimba kakang'ono kamafuna mphamvu zambiri m'chakudya chochepa.

Chachitatu, onani kumene mapuloteniwo akuchokera. Zinthu zimene anasakaniza popanga chakudya zimalembedwa motsatana, kuyambira cholemera kwambiri mpaka chochepetsetsa, choncho poyambirira payenera kuoneka nkhuku, nsomba kapena nyama ina yotchulidwa dzina. Musaope mawu akuti "chicken meal", chifukwa amatanthauza nyama ya nkhuku youmitsidwa n'kuperedwa, ndipo pa kulemera kofanana ili ndi mapuloteni ambiri kuposa nyama yaiwisi imene gawo lalikulu ndi madzi. Chofunika kuchenjera nacho ndi kagawidwe ka chimanga: opanga ena amachilemba katatu m'mayina osiyana, monga ufa wake, gaga wake ndi mapuloteni ake, kuti chilichonse chioneke chochepa ndipo nkhuku ikhale patsogolo, pomwe mutaziphatikiza chimangacho ndicho chochuluka. Sindikunena kuti chimanga kapena mpunga ndi poizoni kwa mphaka, popeza akaphikidwa bwino amagayika, ndipo popanda ufa wina uliwonse timibulu sitingaumbike. Nkhani ili pa kuchuluka kwake. Mafuta a nsomba akapezeka pamndandandawo ndi phindu, chifukwa ali ndi DHA amene amathandiza kukula kwa ubongo ndi maso.

Musanalipire, yang'anani tsiku limene chakudyacho chidzathere mphamvu ndipo pindapindani paketiyo kuti muone ngati siinabowoke. Zakudya zambiri za ziweto zimene zimafika m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre zimachokera ku South Africa, kumene lamulo la Act 36 la 1947 limafuna kuti zilembetsedwe ku boma, ndipo nambala yake, yoyamba ndi chilembo V, imasindikizidwa papaketi. Chakudya chimene wina wachitapa m'thumba lalikulu n'kuchimanga m'tijumbo topanda chizindikiro ndi bwino kuchipewa ngakhale mtengo utakoma, chifukwa simungadziwe ngati n'cha mphaka kapena cha galu, kapenanso kuti thumbalo linatsegulidwa liti.

Mukafika nacho kunyumba, kapatsidwe kake kamatengera msinkhu. Ana a mphaka amayamba kulawa chakudya ali ndi masabata atatu kapena anayi, ndipo amasiya kuyamwa ali ndi masabata 6 mpaka 8. Pa msinkhu umenewu timano tawo sitingaswe timibulu touma, choncho thirani madzi ofunda pang'ono pa kachakudya kochepa, dikirani mphindi 10 mpaka kafewe, kenaka kakanyeni ndi supuni kuti kakhale ngati phala. Ikani pa mbale yosaya, ndipo musadabwe kuona kamwanako kakuponda m'mbalemo ndi miyendo yakutsogolo n'kumanyambita zikhatho m'malo modya. Mmenemo ndimo kamaphunzirira. Phala lotsala mulitaye pakatha ola limodzi chifukwa limasasa msanga kukatentha. Chepetsani madziwo sabata ndi sabata mpaka kazolowere kutafuna. Musafewetse ndi mkaka wa ng'ombe, chifukwa amphaka ambiri akasiya kuyamwa sagaya bwino shuga wa mumkaka ndipo amatsegula m'mimba.

Kufikira miyezi 6, gawani chakudya cha tsiku lonse katatu kapena kanayi, ndipo pambuyo pake kawiri n'kokwanira. Muyezo wolembedwa papaketi ndi poyambira chabe. Ngati mukusintha mtundu wa chakudya, chitani zimenezi m'masiku 7, posakaniza chatsopano pang'ono ndi chakale n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku. Madzi akumwa oyera azipezeka nthawi zonse, popeza chakudya chouma sichimupatsa mphaka madzi monga imachitira mbewa imene wagwira yekha. Zotsala za patebulo zisalowe m'malo mwa chakudya chake: nsima imangodzaza mimba, ndiwo zathu zambiri zili ndi anyezi ndi adyo zimene zimawononga magazi a mphaka, ndipo nyama yokhayokha yopanda mafupa ili ndi kashiamu wochepa kwambiri moti mafupa a mwana wa mphaka amafewa n'kupindika.

Kuti mudziwe ngati chakudya chimene mwasankha chikugwira ntchito, gwiritsani ntchito sikelo ya kukhitchini. Ikani kamphakako m'kabeseni kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, ndipo lembani kulemera kwake. M'miyezi yoyambirira kayenera kuwonjezera magalamu pafupifupi 100 pa sabata. Ubweya uzikhala wosalala ndi wowala, chimbudzi chizikhala cholimba bwino, ndipo nthiti zizimveka mukapapasa koma zisaonekere kunja. Mimba yotupa pamene msana uli wowonda nthawi zambiri imasonyeza njoka za m'mimba, ndipo pamenepo kusintha chakudya sikungathandize mpaka dokotala wa ziweto atapereka mankhwala ake. Kamphaka kamene kakana kudya tsiku lathunthu kapite kwa dokotala wa ziweto osadikira mawa.

Pomaliza pali kasungidwe, kamene kangawononge ngakhale chakudya chamtengo wapatali. Mafuta opakidwa kunja kwa timibulu amavunda akakumana ndi kutentha ndi mpweya, ndipo m'nyengo ya mvula chinyezi chimabweretsa chuku, monga chimachitikira ndi mtedza wosauma bwino. Siyani chakudyacho m'paketi yake, pindani kukamwa kwake n'kukanikiza ndi chopanira zovala, kenaka ikani paketiyo m'ndowa yokhala ndi chivindikiro pamalo ozizira. Gulani paketi imene ingathe m'mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono, osati thumba lalikulu lodyedwa ndi kamphaka kamodzi kwa miyezi isanu. Pitirizani ndi chakudya cha ana mpaka mphaka akwanitse miyezi 12, koma ngati wafulidwa kapena kutsekedwa asanafike pamenepo, muchepetseko muyezo chifukwa amayamba kunenepa msanga, ndipo posamukira ku chakudya cha amphaka akuluakulu mutsatirenso masiku 7 aja.