Momwe mungakonzere konsati yaulere ya vayolini ya mabanja ku Nkhotakota

Ana ambiri kuno ku Nkhotakota anamvapo kulira kwa vayolini pa wailesi kapena m'filimu, koma sanaimepo pafupi ndi munthu akuyiimba. Nyimbo zimene kunja amazitcha chamber music ndi zimene zingathetse vutoli mosavuta. Zimaimbidwa ndi kagulu ka anthu ochepa, awiri, anayi mwina asanu, aliyense ndi mbali yakeyake, popanda wowatsogolera ndi kandodo. Anazilemba kuti ziziimbidwa m'chipinda, anthu atayandikana. Sizifuna masipika kapena jenereta, ndipo magetsi akazima nyimbo imapitirira. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti mpingo, sukulu kapena kalabu ya achinyamata ikhoza kukonza konsati yotere popanda kulipiritsa pakhomo.

Pezani kaye oimba

Musasungitse holo musanadziwe amene adzaimbe. Kagulu kodziwika kwambiri ndi ka anthu anayi: mavayolini awiri, viyola imodzi yomwe ndi yokulirapo pang'ono, ndi chelo, chachikulu chija woimba amachiimika pakati pa miyendo atakhala pampando. Joseph Haydn wa ku Austria, amene anabadwa mu 1732 n'kumwalira mu 1809, ndiye anakhwimitsa kaimbidwe ka anthu anayika.

Oimba zida izi ndi osowa kuno, choncho funsani komwe amaphunzitsa nyimbo: ku Music Crossroads ku Lilongwe, ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, kapena ku University of Malawi ku Zomba. Akapanda kukhala nawo, akulozerani kwina. Anayi akalephera kupezeka musagwe ulesi. Vayolini imodzi ndi gitala ndi kagulu kokwanira. Oliza malipenga asanu ochokera m'bandi ya mpingo nawonso ndi kagulu.

Ndipo ngati m'mudzi wina muli agogo odziwa kaligo, apempheni abwere. Kaligo ali ndi chingwe chimodzi, vayolini zinayi, koma zonse zimalira pokhutiza ndi uta. Mwana akaziona zili pamodzi amazindikira yekha kuti chida cha alendochi chili ndi m'bale wake kwathu kuno.

Malo ndi tsiku, apa ndiye pofunika kudekha

Pitani nokha kukayesa chipindacho. Imani pakati, ombani m'manja kamodzi, mumvetsere. Phokoso likangofa pomwepo, vayolini idzamveka yowonda. Likamabwerera kangapo ngati muli m'phanga, mawu a zida adzasokonekera. Mukufuna pakatikati, phokoso lotsalira pang'ono n'kuzimirira. Makoma a njerwa ndi denga lalitali, ngati m'matchalitchi akale a mishoni, amathandiza kwambiri. Mnzanu aime kutsogolo alankhule mwachizolowezi inu muli pa benchi yomaliza. Mukamumva, chelo adzamvekanso.

Komabe ganizirani amene mukuwaitana. Nkhotakota ndi ya Asilamu ndi Akhristu, ndipo banja lina lidzamasuka kulowa m'holo ya sukulu kusiyana ndi m'tchalitchi. Ine ndingasankhe holo ya sukulu ngakhale itamveka mocheperako. Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti, Loweruka a Seventh-Day ali ku tchalitchi, Lamlungu m'mawa ena onse. Nthawi yotsala yokomera ambiri ndi Lamlungu cha m'ma 3 koloko, kuti amayi abwerere kusanade. Onaninso kuti tsikulo lisagwe m'mwezi wa Ramadani.

Pewani dzinja. Mvula ikagunda pa malata, palibe amene adzamve kanthu. Pewaninso Okutobala ndi Novembala, pamene kunyanja kuno kumawotcha, pakuti zida izi ndi zamatabwa opyapyala omatidwa ndi guluu. Kutentha kumamasula zingwe, ndipo chida chosiyidwa m'galimoto padzuwa chikhoza kumatuka. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Vuto lake ndi mwera, umene umauluza mapepala a nyimbo mawindo akatseguka, ndiye bwerani ndi mapegi oyanikira zovala. Holo isakhale pafupi ndi chigayo, bala kapena msewu wa M5.

Mukatsimikiza tsiku, dziwitsani amfumu a deralo ndi apolisi.

Nyimbo zake

Konsati yonse isapitirire mphindi 50, ndipo nyimbo iliyonse ikhale ya mphindi zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi. Nyimbo zambiri za mtunduwu zili ndi zigawo zinayi. Pemphani oimba asankhe chigawo chimodzi apa, china apo, osati kuimba yonse. Ana atatopa sabwereranso.

Yambani ndi nyimbo ya fuko yomwe anapeka Michael Sauka, anthu aimirire aimbe nawo. Makutu awo adzazolowera zidazo pa nyimbo yoidziwa kale. Kenako chigawo choyamba cha Eine kleine Nachtmusik, imene Mozart analemba mu 1787, chifukwa ambiri anaimvapo pa foni osadziwa mwini wake. Muikemonso nyimbo ya Chevalier de Saint-Georges, wobadwira ku Guadeloupe mu 1745 kwa mayi wachikuda yemwe anali kapolo, amene anadzakhala katswiri wa vayolini ku Paris. M'tauni ngati ino, mmene muli mtengo umene David Livingstone anakambirana pansi pake ndi Jumbe za malonda a akapolo, mbiri ya munthuyu siyofunika kuifotokoza nthawi yaitali. Malizani ndi nyimbo ya kwathu, ya ukwati kapena ya ana, kaligo ali momwemo.

Nyimbo za Haydn, Mozart ndi Saint-Georges ndi zakale moti palibenso wozilipiritsa, ndipo mapepala ake amapezeka ulere pa intaneti pa tsamba la IMSLP. Koma mukafuna nyimbo ya woimba wamasiku ano, funsani a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ngakhale khomo lili laulere.

Pakhale munthu mmodzi wolankhula Chichewa chomveka amene azinena mawu awiri atatu nyimbo isanayambe. Asachite kuwerenga mbiri ayi. Angowapatsa ana chowamvetsera: "Tcherani khutu, vayolini iyi ifunsa, ndiye chelo ayankha ngati agogo aamuna." Anthu athu anakulira m'nyimbo za wotsogolera ndi ovomera, sadzavutika kugwira zimenezi.

Za kuomba m'manja musaike malamulo. Kunja kuli mwambo wodikira zigawo zonse zithe, koma mu 1778 anthu a ku Paris ankaomba m'manja nyimbo ya Mozart ili mkati, ndipo mwini wakeyo anakondwa. Ingochenjezani oimba kuti nthungululu ikhoza kulira nthawi iliyonse.

Ndalama

Ulere ndi wa omvera. Oimba afunika thiransipoti, chakudya, pogona ndi kangachepe kowathokoza, pakuti zingwe ndi utomoni wopaka pa uta sizipezeka m'golosale. Lembani zonsezi papepala limodzi ndi mitengo yake, mupite nalo kwa eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, eni mashopu ndi ana a kuno amene ali m'tauni. Wina sapereka ndalama koma apereka chipinda kapena mpunga wa Kilombero. Zotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba zizilandiridwa ndi msungichuma mmodzi, ndipo pomaliza muwerengere onse mmene zayendera. Mbale ya chopereka pakhomo musaike. Mayi wa ana anayi akaiona amabwerera.

Kulengeza

Kwatsala milungu iwiri, pitani ku Nkhotakota Community Radio, m'mizikiti, m'matchalitchi, kwa aphunzitsi akulu ndi m'magulu a WhatsApp. Nenani momveka kuti khomo ndi laulere, ana ndi makanda akuloledwa, ndipo palibe chovala chapadera.

Tsikulo

Oimba afike kudakali ola limodzi kuti zida zizolowere mpweya wa m'chipindamo ndipo achune zingwe. Musawakweze pa nsanja. Akhale pansi pomwepo pa mipando yopanda mikono, ndipo yalani mphasa patsogolo pawo, ana akhale pafupi mpaka kuona zala zikuyenda. Amayi a makanda akhale cha kukhomo kuti khanda likalira atuluke n'kulowanso popanda manyazi. Pemphani mafoni atsekedwe mawu, ikani ndowa ya madzi akumwa panja, ndipo onani kuti zimbudzi zatsegulidwa.

Nyimbo yomaliza ikatha musabalalitse anthu. Sungani mphindi 20 zoti ana aime pamzere, asambe m'manja, aliyense akoke uta kamodzi pa chingwe woimba atamugwirira chidacho. Mukambirane zimenezi ndi oimba pasadakhale, chifukwa ena sangalole chida chawo chodula kugwidwa ndipo angabwere ndi china chophunzirira. Padzakhala mwana mmodzi kapena awiri amene adzabwereranso kumapeto kwa mzere kufuna kachiwiri. Lembani mayina awo ndi sukulu zawo, mupereke pepalalo kwa oimba asanakwere galimoto.