Jekeseni wa masabata 14 mukumuthawiranji?

Chiyambireni kukolola, mabenchi a kusikelo ali pululu. Timabuku ta ana timene ndikutsegula tikunena chimodzimodzi: pa masabata 6 mwana anabayidwa, pa masabata 10 anabayidwa, koma pa masabata 14 pali mbee. Ukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Anatentha thupi usiku wonse, ntchafu inachita kutupa, ndiye agogo ake anati basi, zakwana."

Zakwana bwanji? Katemera wa chibayo, uja timati PCV13, anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2011, ndipo amabayidwa katatu. Mnzake, katemera woteteza ku matenda asanu uja, anabwera mu 2002, ndipo mkati mwake muli chitetezo ku kachilombo ka Hib. Nayenso ndi katatu. Jekeseni woyamba amangodzutsa thupi, wachitatuyo ndiye amakhwimitsa chitetezo. Mwana wobayidwa kawiri sanatetezeke mokwanira, ngakhale mayi ake akuyenda mtima uli m'malo.

Tizilombo tiwiriti, ka chibayo ndi ka Hib, si tamasewera. Timakhala phee m'mphuno ndi pakhosi pa ana ooneka athanzi, kenaka tikapeza mpata timatsikira m'mapapo, timalowa m'magazi, ngakhale kufika ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ana ogonekedwa ndi matenda oumitsa khosi a Hib anachepa kwambiri katemera wa 2002 uja atayamba. Opulumuka ku matendawa ena amatsala osamva, ena amagwa khunyu, ena sukulu imawakanika. Tsono yerekezani kutentha thupi kwa usiku umodzi ndi mwana wogontha moyo wake wonse. Osanena za ndalama ya kabaza, masiku ogona pansi kuchipatala, chimanga chikubedwa kumunda. Ndipo Juni ndi Julayi, miyezi imene chibayo chimavuta, ali pakhomo.

Bambo wina kuno amaweta nkhuku zoposa za wina aliyense m'mudzi. Katemera wa chitopa saphonya: miyezi inayi ikangokwana, amazigwira yekha imodziimodzi kuti zidonthezedwe m'diso, ndalama n'kulipira. Mwana wake atayamba kubanika, nthiti zikulowa mkati, anathamangira kugolosale kukagula makapisozi. Pofika kuchipatala mwana anali wofuna okosijeni. Kabuku kake kanathera pa masabata 10. Bamboyo akuti za sikelo n'za amayi. Koma za nkhuku ndiye n'zake!

Zomata mankhwala paliwombo nazo zanditopetsa. Liwombo likatupa mwana ali ndi thupi lotentha, si nkhani ya kwa asing'anga ayi, nyamukani nthawi yomweyo. Mkanda wa m'chiuno sunaphepo kachilombo. Inde, katemera wa chibayo uja amateteza ku mitundu 13 yokha pa mitundu yoposa 90 ya kachilombo ka chibayo, choncho mwana wobayidwa akhoza kudwalabe. Koma mitundu 13 imeneyi inasankhidwa chifukwa ndiyo inkadwalitsa ana kwambiri.

Amene munadumphitsa, bwerani ndi kabuku pa sikelo ikubwerayi. Sitiyambiranso poyamba, timapitiriza pomwe munalekera, ndipo ndi ulere. Chimfine chaching'ono si chifukwa chokhalira kunyumba. Thupi likatentha atabayidwa, yamwitsani pafupipafupi, m'vuleni zofunda zambirizo, mlingo wa panado tifunseni ife. Likapitirira masiku awiri, bwerani naye.