Kuyenda ku Aulanko, paki ya m'mbali mwa nyanja ku Finland

Aulanko ili kumpoto kwa mzinda wa Hämeenlinna, pakati pa nyanja ziwiri: Vanajavesi, yomwe ndi yaikulu, ndi ina yaing'ono yotchedwa Aulangonjärvi. Maso akhoza kukunamizani kuti ndi nkhalango yachilengedwe, koma mbali yaikulu inakonzedwa ndi manja a anthu. Msilikali wina wolemera, Hugo Standertskjöld, anagula malowa mu 1883, n'kukumbitsa madambo awiri kuti akhale maiwe, kulambulitsa misewu ndi kudzalitsa mitengo yochokera kumayiko ena. Mzindawu unagula malowa mu 1926. Kulowa n'kwaulere.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala. Mu Juni dzuwa limawala maola pafupifupi 19, moti mukhoza kuyamba ulendo madzulo osaopa mdima. Mu Disembala kumawala maola ngati 6 okha, m'njira mumakhala moterera ndi ayezi, ndipo nsanja imakhala yotseka.

Kuchokera ku Helsinki ndi makilomita pafupifupi 100, ola limodzi pa sitima ya pamtunda ya kampani ya VR yolowera ku Tampere. Gulani tikiti musanakwere. Mukagula kudakali masiku mtengo umatsikirapo. Ndalama ndi mayuro, koma pafupifupi paliponse amalandira khadi. Siteshoni ili tsidya limodzi ndi Aulanko, choncho musawoloke mlatho wopita m'tauni. Tsatirani njira ya m'mbali mwa Vanajavesi molunjika kumpoto, nyanjayo ili kumanzere kwanu. Ndi ulendo wa ola limodzi wapansi, ndipo tsidya linalo mudzaona linga lakale la njerwa zofiira la Häme. Ngati muli ndi ana aang'ono kapena agogo, kwerani basi kapena takisi, chifukwa miyendo idzafunika kutsogoloku.

Mukalowa m'nkhalango mudzapeza linga lamiyala looneka ngati bwinja. Silinaonepo nkhondo ayi, mwini malo anangolimangitsa kuti lizikongoletsa. Kenako pali maiwe aja, Joutsenlampi ndi Metsälampi, ndi tinyumba topumiramo. Apa musatayepo nthawi yambiri.

Chimene anthu amadzera ndi nsanja yamiyala yomwe inamalizidwa mu 1907, yotalika mamita 33, pamwamba pa phiri. Mukakwera mumaona Aulangonjärvi pansi penipeni ndi nkhalango mpaka pomwe maso alekezera. Imatsegulidwa m'miyezi yotentha yokha. Pamwambapo pamawomba mphepo ngakhale tsiku lotentha, ndiye jekete lisatsale m'chikwama cha mnzanu amene wakhala pansi.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Patsinde pa nsanjayo pali masitepe amiyala 322 otsikira kuphanga la Karhuluola, komwe kuli chosema cha banja la zimbalangondo chomwe anasema Robert Stigell. Potsika zimaoneka zophweka, munthu n'kuiwala kuti galimoto kapena anzake wawasiya pamwamba. Ndiye yambani ndi nsanja miyendo idakali ndi mphamvu, kenako ganizani bwino musanatsike: mubwerera pa masitepe omwewo, kapena mupitirira ndi njira ya m'mbali mwa nyanja? Miyalayo ikanyowa, kapena masamba akayoyokerapo mu Okutobala, imaterera kwambiri. Nsapato zikhale zamapazi ogwira, osati masilipasi. Wodwala mawondo angoonera pamwamba, sataya zambiri.

Ku Finland kuli ufulu wakale wolola aliyense kuyenda m'tchire, kuthyola zipatso zam'tchire ndi kuzula bowa popanda kupempha mwini malo. Koma ufuluwu suphatikiza kusonkha moto, ndipo Aulanko ndi malo otetezedwa. Moto umayatsidwa pamalo okonzedwa okha, ndipo a zanyengo akalengeza chenjezo la moto wolusa, lomwe amalitcha maastopalovaroitus, moto wapamtetete umaletsedwa. Onani chenjezoli m'mawa wa tsikulo musanagule soseji zootcha. Musathyole nthambi, musazule maluwa, galu akhale pachingwe, ndipo zinyalala mubwerere nazo. Za bowa, ngati simuudziwa usiyeni: kumeneko kuli wina woyera bwino, wooneka wodyedwa, koma umawononga chiwindi mpaka kupha.

Wofuna kusambira ayambe wayang'ana madzi. Mu Julaye ndi Ogasiti kukatentha popanda mphepo, m'nyanja zina mumabuka ndere zapoizoni zotchedwa sinilevä, zooneka ngati utoto wobiriwira wotayikira pamadzi. Zimayabwitsa khungu, kutsegula m'mimba, ndipo galu akamwa madziwo akhoza kufa. Kuyesa kwake n'kosavuta: tungani madzi m'tambula, asiyeni ola limodzi osawagwedeza. Tinthu tobiriwira tikayandama pamwamba, musalowemo. Kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo.

Udzudzu umachuluka mu Juni ndi Julaye, makamaka pafupi ndi maiwe madzulo. Sufalitsa malungo, koma umaluma zedi, ndiye tengani mankhwala odzola. Choopsa ndi nkhupakupa zobisala mu udzu wautali, zomwe zimafalitsa matenda a Lyme. Pisirani thalauza m'masokosi, ndipo usiku dzifufuzeni kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'mphepete mwa tsitsi. Mukaipeza, igwireni ndi kachopanira pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika pang'onopang'ono. Musaipake mafuta kapena kuifinya mimba, chifukwa zimenezo zimakankhira tizilombo m'thupi mwanu. Pakatuluka chibanga chofiira chomakulirakulira patapita masiku kapena milungu, pitani kwa dokotala. Pangozi iliyonse imbani 112.