Kapezedwe ka ma principal solution mu trigonometry

Ma principal solution ndi mayankho a equation ya sin, cos kapena tan oyambira pa 0° mpaka osafika 360°, enawo asiyeni kaye. Titenge sin x = 1/2. Kakyuleta ikupatsani 30° yokha basi, apa ndi pomwe ambiri amataya mamalikisi chifukwa sine imakhala positive mu quadrant yoyamba (0° mpaka 90°) ndi yachiwiri yomwe (90° mpaka 180°), ndiye chotsani 30 pa 180 mupeza 150°.

Ikakhala cos x = -1/2 iwalani kaye minus uja, angle ya cos x = 1/2 ndi 60°, kenako poti cosine imakhala negative mu quadrant yachiwiri ndi yachitatu (180° mpaka 270°) pangani 180 - 60 ndi 180 + 60, mayankho ndi 120° ndi 240°. Ya tan ndiye yophweka, mumangowonjezera 180 pa angle yomwe mwapeza.

Onetsetsani kuti kakyuleta ili pa DEG (ma degree), ikakhala pa RAD (ma radian, muyezo wina wa angle) mungoona 0.5236 m'malo mwa 30° ija n'kumadabwa kuti zatani.