Momwe mungatulutsire mphamvu zambiri m'miyendo popalasa njinga

Anthu ambiri akafuna kuthamanga ndi njinga amaika giya yolemera nkumaponda ndi mphamvu zonse mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, amvekere kulimba nkumeneko. Koma mphamvu yomwe imayendetsa njinga, ija amayeza mu ma watts, imachokera ku zinthu ziwiri zochulukitsana: momwe mukukankhira pedulo, ndi liwiro lomwe mapedulowo akuzungulira. Ma watts omwewo mutha kuwapeza pokankha kwambiri mochedwa kapena pokankha pang'ono mofulumira, kungoti thupi silimva chimodzimodzi ayi. Nde apa ndikulemberani momwe ine ndimachitira. Za kupopa matayala, kuthira oyilo pa tcheni ndi kuona mabuleki sindinena, mukuzidziwa kale zimenezo.

Choyamba: dziwani minofu yomwe ikugwira ntchito

Tengani kuzungulira kwa pedulo ngati wotchi ya pakhoma, pamwamba ndi 12 koloko, pansi ndi 6 koloko. Mphamvu pafupifupi yonse imatuluka pakati pa 1 ndi 5 koloko, ndipo imafika pachimake cha m'ma 3 koloko pomwe mkono wa pedulo wagona chopingasa. Yomwe imasenza katundu kwambiri ndi minofu ya m'matako yowongola chiuno, pamodzi ndi minofu inayi ya kutsogolo kwa ntchafu, ma quadriceps, yowongola bondo. Ya kumbuyo kwa ntchafu imathandizira pedulo ikamafika pansi, pomwe akatumba ntchito yawo yaikulu ndi kulimbitsa akakolo kuti mphamvu yochokera kumtunda ifike pa pedulo osataikira m'njira.

Pobwerera m'mwamba mwendo supanga zambiri, nthawi zambiri umangolemetsa pedulo ndipo mwendo winawo ndi womwe umaukweza. Ngakhale akatswiri a mipikisano sakoka kwenikweni akamayenda pa liwiro lokhazikika. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti nsapato zomata ku pedulo ziwirikiza mphamvu yanu kawiri chifukwa muzikoka ndi kukankha, akungofuna katundu atuluke basi. Nsapatozo nzabwino ndithu, phazi siliterereka ndipo pofwamphuka mwadzidzidzi zimathandiza, koma zowirikiza kawirizo ayi.

Chachiwiri: chishalo

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ine zinandivutira. Njinga yanga ndinagula kwa munthu wina wogulitsa njinga zakale, iye yekha anatsitsa chishalo nkundiuza kuti bola mapazi onse awiri azifika pansi ndili chikhalire. Zinamveka zanzeru. Patapita nthawi bondo lakumanja linayamba kuwawa kutsogoloku, pansi pa kafupa kozungulira ka pabondo kaja, osati ululu wobaya ayi koma wongoluma mkati, umaumva bwino podzuka pampando kapena potsika masitepe. Pa chitunda ntchafu zinkapsa msanga anzanga akadali bwinobwino, mpaka usiku ndinkagona ndi nsalu yonyowa pabondo osadziwa kuti vuto lonse lili pa bawuti imodzi ya pansi pa chishalo.

Chimachitika nchakuti chishalo chikatsika bondo limakhala lopindika kwambiri nthawi yomwe mukuyamba kukankha, nde kafupa kaja kamapanikizika pa fupa la ntchafu, ndipo zimenezi zikuchitika kambirimbiri pa ola limodzi. Komanso mnofu uli ndi utali wake womwe umakoka bwino. Mkati mwake muli timaulusi ta actin ndi myosin tomwe timagwirana nkumakokana, mnofu ukafinyika kwambiri kapena kutambasuka mopitirira muyezo timaulusito sitigwirana mokwanira ndipo mphamvu imachepa, kaya mukukamira bwanji.

Kayezedwe kake ndi aka. Vulani nsapato, imani motsamira khoma mapazi atatalikirana pang'ono, ikani buku lachikuto cholimba pakati pa miyendo nkulikankhira m'mwamba mpaka mumve likukanikiza ngati chishalo. Musachite manyazi apa, mukalisiya lolendewera nambala ituluka yochepa. Wina alembe pakhoma pomwe bukulo lathera, muyeze ndi tepi kuchokera pansi. Nambalayo muchulukitse ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda kuchokera pakati pa chitsulo chomwe mikono ya mapedulo imazungulirapo mpaka pamwamba pa chishalo, kuyeza motsatira paipi ya chishaloyo. Mwendo wa 82 cm ukupatsani pafupifupi 72.4 cm. Njirayi imadziwika ndi dzina la Greg LeMond, wa ku America yemwe anawina mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990.

Koma nambalayi ndi poyambira chabe, anthu timasiyana kutalika kwa phazi ndi kufewa kwa minofu. Nde kwerani, tsamirani khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke wonse chiuno osapendekeka. Mukabwezeretsa phazi pamalo pake, kutsogolo kwa phazi pa pedulo, bondo lizikhala lopindikako pang'ono, madigiri 25 mpaka 35. Njira yachidule yake, mnzanu akujambuleni vidiyo ndi foni kuchokera m'mbali, muimitse pomwe pedulo ili pansi nkuona. Akujambuleninso kuchokera kumbuyo, mukaona chiuno chikuvinavina uku ndi uku ndiye kuti mwakweza mopitirira, ndipo ululu wake umabwera kumbuyo kwa bondo osati kutsogolo.

Musakweze zonse tsiku limodzi. Mamilimita 3 mpaka 5, mupalase masiku angapo, kenako muwonjezerenso, chifukwa minyewa inazolowera malo akale aja. Ine bondo linaleka kuwawa pang'onopang'ono chonchi, ndipo giya yomwe inkandilemera pa chitunda inayamba kupepuka ndisanasinthe chilichonse pa maphunziro olimbitsa thupi. Mukapeza malo ake matani tepi pa paipiyo. China, paipi ya chishalo imakhala ndi mzere wosonyeza polekezera kuikweza, ngati mzerewo watuluka kunja ndiye kuti fulemu yakuchepelani, musakamize, imathyoka. Pali ogulitsa ena amapala mzerewo kuti njinga yaing'ono igulidwe ndi munthu wamtali, yang'anitsitsani musanapereke ndalama. Ndipo mapaipi otchipa a pa intaneti aja olembedwa kuti carbon opanda dzina la kampani, ine sindingakhalepo.

Chachitatu: liwiro la mapedulo

Werengani kuti bondo lakumanja lakwera kangati mu masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Pamalo athyathyathya muzifuna 80 mpaka 95 pa mphindi. Ambiri oyamba kumene amapezeka cha m'ma 60.

Chifukwa chake chili m'minofu momwemo. Wasayansi A.V. Hill anasonyeza mu 1938 kuti mnofu ukamafinyika mofulumira kukoka kwake kumachepa, ukamafinyika mochedwa kumakula, nde mphamvu yochuluka imapezeka pakatikati osati kumapeto. Ndipo minofu ili ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya ulusi: wina wochedwa koma wosatopa msanga, umadalira oxygen, wina wachangu ndi wamphamvu koma umatha shuga wosungidwa mumnofu mwamsanga. Giya yolemera imaitana ulusi wachangu uja, komanso kukankha kwanthawi yaitali kumafinya mitsempha ya magazi ya mumnofumo, mpake ntchafu kupsa. Giya yopepukirapo imasamutsira katundu ku mtima ndi mapapo, zomwe zimapirira nthawi yaitali. Poyamba mudzamva wefuwefu ndipo matako azidumpha pa chishalo, nzachibadwa, pa nambala ya pa mphindi ija wonjezerani 5 pa sabata basi. Sinthani giya chitunda chisanakugwireni, osati tcheni itakhakhala kale.

Dziwaninso kuti pa mphamvu yonse yomwe thupi likuotcha, 20 mpaka 25 peresenti yokha ndiyo imafika pa pedulo, yotsalayo ndi kutentha. Thukuta lija ndi chimenecho, nde imwani madzi musanamve ludzu lalikulu.

Chachinayi: dziyezeni

Omwe ali ndi power meter, kachipangizo koyeza ma watts pa njinga, amatenthetsa thupi, amapalasa mphindi 20 ndi mphamvu zonse zomwe angathe kusunga, nkuchulukitsa avereji ya ma watts ndi 0.95. Imeneyo ndi FTP, kutanthauza mphamvu yomwe mungathe kusunga kwa pafupifupi ola limodzi, ndipo njirayi anaitchukitsa ndi akatswiri a zophunzitsa opalasa njinga Hunter Allen ndi Andrew Coggan. Kachipangizoko nkodula, ndipo tina totchipa timalemba ma watts pomwe tikungoyerekeza kuchokera pa liwiro, musataye ndalama. Sankhani chitunda chimodzi, njinga yomweyo, tsiku lopanda mphepo, yezani nthawi ndi foni kamodzi pa mwezi. Nthawi ikamachepa ndiye kuti mphamvu ikukwera.

Chachisanu: maphunziro

Maulendo ambiri azikhala aatali komanso ofewa, oti mutha kucheza ndi mnzanu mukupalasa. Kamodzi kapena kawiri pa sabata chitani mphindi 4 mwamphamvu, mphindi 3 mofewa, kanayi. Zofwamphuka zizikhala masekondi 10 okha chifukwa phosphocreatine, nkhokwe ya mphamvu yachangu ya mumnofu, imathera pomwepo, mupume mphindi 3 mpaka 5 ibwerere kenako mubwereze. Ma squat, aja onjuta nkudzuka mobwerezabwereza, kawiri pa sabata. Kuphwanya thupi kwa mawa lake si lactic acid, asidi uja amachuluka mumnofu ukamagwira ntchito mwamphamvu, ngati momwe amanenera ambiri, iyo imachoka patangopita ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma ndi timaulusi ta mumnofu tomwe tavulala pang'ono tikudzikonza, choncho tsiku lotsatira pumani kapena palasani mofewa.

Chachisanu ndi chimodzi: mphepo

Kuti muwirikize liwiro kawiri, mphamvu yolimbana ndi mphepo imafunika kasanu ndi katatu. Pindani zigongono, tsitsani mutu pang'ono maso ali kutsogolo, malaya asamauluke, ndipo mukakhala pagulu muzisinthana kutsogola.